Mlandu wa Dotolo Mpakati

Munthu akaima pa Boma la Feira, limene tsopano lichedwa Luangwa, aona maiko atatu osasuntha phazi. Pamene waimapo ndi m'Zambia. Tsidya la mtsinje wa Luangwa, ca kum'mawa, kuli Zumbo, mudzi wakale wa Apwitikizi m'dziko la Mozambique, kumene Dotolo Livingstone anapeza mabwinja a chalichi ndi belu losweka m'caka ca 1856. Tsidya la Zambezi, ca kum'mwera, kuli Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Malire a maiko atatuwa akomana pamadzi, ndipo asodzi a kuno adziwa bvuto limene limakhalapo munthu akamira pakati pa mtsinje. Mtembo ukayandama, mbali iri yonse iyamba yafunsa kuti, "Kodi ameneyu ngwa kwa yani?" ndipo pofunsana cotero dzuwa limalowa.

Nkhani imene ndifuna kukamba ndi ya munthu wa ku Malawi amene mlandu wa imfa yace unagwera pakati pa maiko omwewa. Anabvulazidwa ku Mozambique, naphedwa ku Zimbabwe, ndipo anzace ambiri amene anamlira anali ku Zambia ndi ku Tanzania. Dzina lace ndi Dotolo Attati Mpakati. Anafa m'mwezi wa March 1983, ndipo kufikira lero lino palibe munthu amene bwalo la milandu linamtsutsa kuti ndiye anakhetsa mwazi umenewo. Ambiri a inu amene mwatsiriza sukulu posacedwapa kapena simunalimvepo dzinali. Cimeneco sicodabwitsa, pakuti kwao kwa mwini dzina panapita zaka khumi zathunthu anthu akuopa kulichula.

Kuti timvetse cimene munthu wa ku Malawi anali kucita m'maiko a eni, tiyenera kuyamba ndi machona. M'masiku a Azungu amuna ambiri-mbiri a ku Nyasaland ndi a kuno kum'mawa kwa Northern Rhodesia ankacoka kwao kukafuna ndalama za msonkho ku migodi ndi ku mapulazi a kum'mwera. Ena ankatsata njira ya ku Tete, ena ankatsika ndi Luangwa naolokera pa Feira pano, mtolo pamutu, mkeka kumsana. Ambiri ankabwerako ndi njinga, suti ndi bokosi la malata, ena ankakwatira komweko, makalata naleka kufika, ndipo kumudzi ankati, "Uja anachona."

Mmodzi wa anyamata amene anayenda ulendo wa pansi umenewu anali Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu. Anacoka kwao ca m'ma 1915, nagwira nchito pa cipatala ca ku Hartley, kumene lero kuchedwa Chegutu, napitirira ku Johannesburg, ndipo m'caka ca 1925 anaoloka nyanja kunka ku America. Anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College m'caka ca 1937, naonjezera ena ku Edinburgh, naciritsa odwala ku England ndi ku Gold Coast. Pamene anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958 anali atakhala kunja zaka zoposa 40. M'caka cotsatira Boma la Azungu linamtsekera m'ndende ya ku Gwelo. Ndanena izi kuti owerenga aone kuti Dotolo Banda anali kudziwa bwino kuwawa kwa kukhala kutali ndi kwanu, ndi kuwawa kwa kumangidwa cifukwa ca maganizo ako. Palibe anganene kuti zimene zinadzacitikira ena m'ulamuliro wace zinali zacilendo kwa iye.

Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, koma miyezi iwiri isanathe nduna zinayambana ndi mtsogoleri wao. Zifukwa zinali zingapo. Nduna zinadana ndi tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira ku cipatala. Zinadana ndi lipoti la Skinner limene linakhudza malipiro a anchito a m'Boma. Zinadandaula kuti maudindo akulu anali cikhalire m'manja mwa Azungu. Ndiponso sizinakondwere ndi ubwenzi umene Dotolo Banda anali kupalana ndi Apwitikizi. Koposa zonse zinatopa ndi kuyesedwa ana pamaso pa anthu. M'mwezi wa September Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anacotsedwa pa unduna. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere anatula okha maudindo ao pogwirizana ndi anzao. Posakhalitsa ambiri a iwo, pamodzi ndi owatsata, anali ataoloka malire. Apa mpamene panayambira machona a mtundu watsopano, amene sanacoke kwao cifukwa ca msonkho koma cifukwa ca kuopa imfa, ndipo kwa iwowa khomo la kumudzi linali lotseka.

Amene anayesa kubwerera ndi mfuti analephera. Chipembere anathira nkhondo pa Fort Johnston m'mwezi wa February 1965, koma ulendo wace wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde, ndipo iye anakafera ku America m'caka ca 1975. Yatuta Chisiza analowa ndi kagulu kocepa m'mwezi wa October 1967, naphedwa ndi asilikali ca ku Mwanza. M'menemo dziko linali litasanduka la cipani cimodzi m'caka ca 1966, ndipo m'caka ca 1971 Dotolo Banda analengezedwa kukhala Pulezidenti wa muyaya. Otsutsa amene anatsala kunja anakhazikitsa zipani zao ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka. Chiume anali ndi cace, Orton Chirwa anali ndi Mafremo, ndipo anyamata ena ophunzira anayambitsa cipani ca Socialist League of Malawi, cimene mwacidule ankati Lesoma. Mtsogoleri wa Lesoma ndiye anali Dotolo Mpakati.

Pano ndiyenera kumasulira liu lakuti dotolo, cifukwa kwathu kuno tikamva liuli timaganiza za munthu wa jekeseni ndi mipeni ya ku cipatala. Mpakati sanali dotolo wotere. Udotolo wace unali wa maphunziro. Anaphunzira za kayendedwe ka cuma ca maiko ku Soviet Union ndi kwina ku Ulaya. Tsono mkangano umene tirikukamba unali wa madotolo awiri, wina wodziwa matenda a thupi, wina wonena kuti adziwa matenda a dziko. M'caka ca 1973 Mpakati analemba nkhani yaitali m'magazini ya The African Review ya ku Dar es Salaam. Mfundo yace inali yakuti Malawi anasintha mbendera cabe, koma cuma cace cinali cimangidwire kwa eni ace akale ndi kwa maboma a Azungu a kum'mwera.

Mau amenewa anali ndi poimira. Malawi ndiye dziko lokha la anthu akuda limene linatumizana akazembe ndi South Africa, kuyambira 1967, ndipo Dotolo Banda anakaceza komweko m'caka ca 1971. Mzinda watsopano wa Lilongwe unayamba kumangidwa ndi ngongole yocokera ku Pretoria. Amuna a ku Malawi anali kupitabe ku migodi ndi Wenela zikwi-zikwi, kufikira ndege inagwa ku Francistown m'caka ca 1974 ndi kupha oposa 70. Kumudzi alimi ang'ono ankagulitsa fodya, thonje ndi mtedza ku ADMARC pa mtengo wotsika, pamene minda ikulu-ikulu ya fodya inali kuculuka m'manja mwa kampani ya Press ndi mwa akulu-akulu a cipani. A Lesoma ankati zonsezi ziyenera kugwetsedwa, cuma ca dziko cikhale ca anthu onse. Omkonda Dotolo Banda ankayankha kuti dziko lopanda doko, lozingidwa ndi maboma a Azungu, silikadatha kucita mwina, ndipo ankaloza miseu, sukulu yaukacenjede ndi nkhokwe zodzala. Ine sindifuna kuweruza mkangano umenewo pano. Cimene ndinena ncakuti unali mkangano woyenera kukambidwa pa bwalo, anthu namva mbali zonse ziwiri. Koma bwalo lotero kunalibe.

Mozambique atalandira ufulu m'caka ca 1975, Mpakati anakakhala ku Maputo, nagwira nchito ya maphunziro ace. Masiku amenewo anali oopsa kwa munthu ali yense wa ndale wokhala m'dziko la eni, pakuti kunali kutabuka kaphedwe kena kamene makolo athu sakadakamvetsa konse. Wakupha sanafunikenso kuonana maso ndi maso ndi wophedwa. Ankangokulunga bomba m'phukusi, namata sitampa, napereka ku positi. Dotolo Eduardo Mondlane, mtsogoleri wa Frelimo, anafa cotero ku Dar es Salaam pa 3 February 1969 potsegula phukusi la buku. Jason Moyo wa cipani ca ZAPU anafa cotero ku Lusaka m'mwezi wa January 1977. M'caka ca 1979 phukusi lotere linamfika Mpakati ku Maputo. Linaphulika m'manja mwace ndi kumdula zala zambiri, koma moyo wace unapulumuka.

Cimene cinacitika pambuyo pace ndico cifuna kuti tiimepo pang'ono. Kawiri-kawiri boma likaganiziridwa pa nkhani yotere limakana, kapena limakhala cete. Koma Dotolo Banda analankhula poyera kuti anyamata ace ndiwo anacita zimenezo. Sanalankhule ngati munthu woulula chimo. Analankhula ngati mwini munda wouza anthu kuti msampha wace wagwira nguluwe. Ndipo anthu sanadabwe kwambiri, pakuti anali atazolowera kumva pa misonkhano kuti oukira adzasanduka cakudya ca ng'ona. Taganizani, inu owerenga, mfumu ya m'mudzi itaimirira pa bwalo ndi kunena kuti, "Uja anabvulala usiku uja, ndine ndinatuma anyamata." Ndipo patapita zaka zinai munthu yemweyo napezeka atafa. Kodi pali nkhoswe imene ingalole kuti maliro aikidwe mfumuyo isanafunsidwe?

M'zaka zinai zimenezo ukonde unali kufupika. Pa 24 December 1981 Orton Chirwa ndi mkazi wace Vera anagwidwa ca ku malire a Chipata ndi Mchinji. Iwo ananena kuti anacita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Boma la Malawi linati anagwidwa atalowa okha. Anazengedwa mlandu woukira boma m'bwalo la mafumu, m'mene woimbidwa mlandu sanali kuloledwa kukhala ndi loya. Mlanduwo uli m'kati, m'mwezi wa March 1983, Dotolo Mpakati anali ku Harare, mzinda umene unali ndi Amalawi ambiri, ana ndi adzukulu a machona aja, m'makomboni monga Mbare ndi Highfield. Kumeneko ndiko mtembo wace unapezeka, utatayidwa m'ngalande ya madzi a mvula.

Ku Malawi kunali zii. Wailesi inali imodzi, ya boma. Nyuzipepala zikulu zinali za mwini dziko. Munthu ankatha kumangidwa popanda mlandu cifukwa ca liu limodzi lonenedwa pa mowa, ndipo a Payoniya ndi a Yufi anali ndi makutu pali ponse. Amene anamva za imfayi anaimva usiku pa wailesi za kunja, atacepetsa mau, zitseko zitatsekedwa. Ndipo anthu asanapume, panagwa zina zazikulu. M'mwezi wa May bwalo lija linagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe, cilango cimene pambuyo pace cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. M'mwezi womwewo nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, David Chiwanga, anapezeka atafa pa mseu wa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linati anacita ngozi ya galimoto pothawa m'dziko. Maliro a anthu anai ochukawa anaphimba maliro a munthu mmodzi wofera kutali.

Mkulu wina wocokera ku Malawi, amene anakhazikika kuno kale-kale pa nchito ya usodzi, ndinamfunsapo za masiku amenewo. Tinali awiri okha m'mphepete mwa madzi, zaka zambiri ulamuliro uja utatha, koma asanayankhe anayamba waceukira kumbuyo. Ataona kuti ndaona, anaseka, nati, "Mwana wanga, khosi linazolowera."

Nanga maiko enawo analekeranji kuutsata mlanduwu? Pano ndilankhula monga kalaliki, pakuti ndiyo nchito yanga. Ali yense wa ife wogwira makalata a m'Boma adziwa kuti nkhani yokhudza ofesi imodzi imayankhidwa, ngakhale mocedwa. Koma nkhani yokhudza maofesi atatu imangoyenda-yenda, yense nalembapo kuti, "Onani a uje," mpaka pepala licita cikasu. Mpakati anafera m'Zimbabwe, koma sanali mbadwa ya kumeneko. Ankakhala m'Mozambique, koma sanafere kumeneko. Anali mbadwa ya Malawi, koma boma limene likadayenera kupfuula kuti, "Mwandiphera munthu wanga," ndilo lomwe linali kuganiziridwa. Mwana wamasiye akabedwa mbuzi, wokamnenera kwa mfumu amasowa.

Cinanso ncakuti maiko onsewa anali ndi moto wao. Zimbabwe anali ndi zaka zitatu zokha za ufulu. M'miyezi yomweyo asilikali a Fifth Brigade anali kupha anthu ku Matabeleland, ndipo m'mwezi womwewo wa March Joshua Nkomo anathawira ku Botswana. Mozambique anali pa nkhondo ndi Renamo. Ndiponso kuyambira pa 1 April 1980, pamene bungwe la SADCC linakhazikitsidwa ku Lusaka, Malawi anali kukhala pa mphasa imodzi ndi maiko amenewa, ndipo iwo anali kufuna kumkoka kuti acoke m'khwapa mwa South Africa. Panalibe mtsogoleri wofuna kuswa mphasa imeneyo cifukwa ca munthu mmodzi wa kacipani kopanda asilikali. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Tsono anapha Mpakati ndani? Pafupi-fupi onse amene analembapo za nkhaniyi amaloza azondi a boma la Dotolo Banda, ndipo cifukwa cace ncoonekeratu: amene anayesa koyamba anadziulula yekha. Boma limenelo silinabvomere konse kuti linali ndi dzanja pa imfa ya ku Harare. Woweruza wacilungamo akadafunsanso mafunso ena. Akadakumbukira kuti azondi a South Africa anali kuyenda-yenda mu mzinda womwewo, pakuti Joe Gqabi wa cipani ca ANC anaomberedwa kumeneko pa 31 July 1981, ndipo adani a Pretoria ndi adani a Dotolo Banda nthawi zambiri anali anthu amodzi-modzi. Akadafunsa amene anadziwa kumene Mpakati anali kugona ndi amene anaonana naye kotsiriza, popeza munthu amene anapulumuka bomba sayenda ndi anthu osawadziwa. Maganizo anga apendekera kumene apendekera ambiri. Koma kuganizira ndi kwina, kutsutsa munthu ndi mboni nkwina, ndipo ife tiri nako koyambako kokha. Dzina la wotuma timangoliganizira. Maina a otumidwa, amene anagwira munthu wopanda zala ndi kumtaya m'ngalande, sanatsimikizidwe ndi bwalo liri lonse.

Kuphana sikunalekere pomwepo. M'mwezi wa October 1989 nyumba ya Mkwapatira Mhango, mtolankhani wa cipani ca Mafremo, inaponyeredwa moto usiku ku Lusaka, ndipo iye anafa pamodzi ndi anthu ambiri a pa banja pace, ana omwe. Imfa imeneyo inacitika m'dziko lathu lino, ndipo ife a ku Zambia tisamalankhule za Harare ngati kuti kwathu kunalibe ngalande. M'caka ca 1990 bungwe la Africa Watch linasindikiza lipoti lonena za kuponderezedwa kwa anthu m'Malawi, ndipo maina amene kwao anali kunong'onezedwa anayamba kuwerengedwa poyera kunja. Pa 8 March 1992 kalata ya mabishopu a Cikatolika inawerengedwa m'machalichi onse a mpingowo. Pa 6 April Chakufwa Chihana anatsika ndege yocokera kunja nagwidwa pa bwalo la ndege la ku Lilongwe. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba m'mwezi wa October caka comweco. Pa 14 June 1993 anthu anaponya voti, ndipo pafupi-fupi awiri mwa atatu ali onse anasankha zipani zambiri. Lamulo lokhululukira othawa linakhazikitsidwa, machona a ndale nayamba kubwerera, ena imvi ziri mbuu. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anapambana cisankho.

Pamenepo pakamwa panatseguka. Tinyuzipepala tinabuka tambiri-mbiri, ndipo nkhani zonse zimene zinakwiriridwa zinafukulidwa nthawi imodzi, zoona ndi zonama pamodzi. Boma latsopano linasankha mlandu umodzi kuti liutsate, ndiwo wa ku Mwanza. Linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha, ndipo bungwelo linapeza kuti kunalibe ngozi ya galimoto: anthu anai aja anacita kuphedwa ndi apolisi, naikidwa m'galimoto atafa kale. M'caka ca 1995 Dotolo Banda, John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu wopangana kupha, ndipo m'mwezi wa December bwalo linawapeza osalakwa, popeza panalibe umboni wokwanira wosonyeza amene anapereka lamulo. M'mwezi wotsatira Dotolo Banda anapepesa mtundu wonse cifukwa ca zowawa zimene anthu anaziona kwa iwo amene anali kucita zinthu m'dzina lace. Sanachule dzina la wophedwa ali yense. Anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997.

Ambiri anakhumudwa ndi mathero a mlandu wa ku Mwanza, nati boma linangotaya ndalama. Ine ndiona mwina. Ngakhale panalibe womangidwa, acibale a anthu anai aja anapatsidwa kanthu kamene acibale a Mpakati sanapatsidwe. Mboni zinalumbira, apolisi anafotokoza zimene anacita ndi manja ao, malo anadziwika, tsiku linadziwika, ndipo zonse zinalembedwa. Bodza la ngozi ya galimoto linafa, ndipo palibe angaliutsenso. Za Mpakati panalibe bungwe lofufuza lotero. Malamulo atsopano a dziko anakhazikitsa bwalo lopereka cipepeso kwa ozunzidwa m'ulamuliro wakale, ndipo anthu zikwi zambiri anakadandaula kumeneko; koma nchito ya bwalolo inali kuyesa kukula kwa cipepeso, osati kufufuza wolakwa. Kwathu cipepeso cimabwera mlandu utakambidwa, wolakwa atagwada. Mbuzi yoperekedwa popanda wonena kuti, "Ndalakwa ndine," eni maliro amailandira cifukwa ca umphawi cabe.

Kuti tione cimene cikadatheka, tiyang'ane kwa anansi. Pa 17 August 1982, miyezi isanu ndi iwiri Mpakati asanafe, Ruth First, mai wophunzira wa ku South Africa, anaphedwa ndi bomba la m'kalata mu ofesi yace ku Maputo komweko. Kwa zaka zambiri imfa yace inali monga ya Mpakati: onse anali kuganizira, wotsimikiza panalibe. Koma South Africa atasintha anakhazikitsa bungwe la coonadi ndi ciyanjano lotsogozedwa ndi Bishopu Desmond Tutu, limene linalonjeza cikhululukiro kwa wolakwa wofotokoza zonse. Craig Williamson, kazitape wa apolisi, anabvomera mbali yace pa imfayo, nakhululukidwa m'caka ca 2000. Ana a maiyo anawawidwa mtima kuona munthuyo akuyenda mfulu, ndipo ndani angawadzudzule? Komabe adziwa amene anawasandutsa amasiye. Malawi sanakhazikitse bungwe lotero, ngakhale anthu ena analipempha. Sindinena kuti bungwe liri lonse limathetsa makani. Herbert Chitepo ataphedwa ndi bomba ku Lusaka pa 18 March 1975, Pulezidenti Kaunda anaika bungwe lofufuza, ndipo lipoti lace la 1976 linaloza mikangano ya m'cipani ca ZANU. Pambuyo pace anthu a mbali ya boma la Smith ananena kuti anacita ndiwo, ndipo Azimbabwe akali kutsutsana. Koma iwo atsutsana ali ndi mapepala m'manja.

Kumene kulibe mapepala nkhani imasungunuka. Mukatsegula mabuku ndi zolembedwa za pa intaneti lero mudzapeza kuti ena alemba kuti Mpakati anafa ndi bomba la m'kalata ku Harare, pamene ena alemba za mtembo wa m'ngalande. Ine ndiyesa kuti oyambawo anasokoneza za ku Maputo za 1979 ndi za ku Harare za 1983, nazipanga nkhani imodzi. Colakwa cotere sicikadakhalapo pakadakhala ciweruzo ca bwalo cimene wolemba ali yense angakawerenge. Zaka zongopitirira 40 zapita, ndipo kafedwe ka mtsogoleri wa cipani kayamba kale kukambidwa ngati nthano ya kalulu, yense ndi mathero ace.

Makolo athu sanali kulola zotere. Munthu akafa imfa yokaikitsa, akulu a mbali zonse ziwiri ankakhala pansi, ena napita kukaombeza ula, ndipo nthawi zina ankamwetsana mwabvi. Mwabvi unapha anthu ambiri osacimwa, ndipo kuletsedwa kwace kunali kwabwino. Koma pansi pa mwambo woipawo panali maganizo oona, akuti imfa ya munthu iri ndi mwini, ndipo mudzi sungagone tulo usanadziwe. Ndico cifukwa cace ankati mlandu suola. Mau amenewa ngoona pa mlandu weni-weniwo, koma mboni zimaola. Samora Machel anafa m'caka ca 1986, Kanyama Chiume m'caka ca 2007, Robert Mugabe m'caka ca 2019, Kenneth Kaunda m'caka ca 2021. Mnyamata amene anali wapolisi wa zaka 30 ku Harare pa tsiku limene mtembo unabvuulidwa m'ngalande, ngati ali moyo, wapitirira zaka 70. Comweconso anzace a Mpakati a m'Lesoma, ndi iwo amene anali kugwira nchito zacinsinsi za boma la Malawi masiku amenewo.

Cotsala ndi mapepala, ndipo pa ici ndiri ndi ciyembekezo pang'ono, cifukwa ndidziwa khalidwe la anzanga a m'maofesi: kalaliki ataya msanga colembera, koma failo sataya wamba. Mtembo wopezeka mu mzinda umalembedwa m'buku la apolisi, umapimidwa ndi dotolo, ndipo dotoloyo amasaina. Munthu wobvulala ndi bomba amalembedwa m'buku la cipatala. Kazembe akamva kuti mbadwa ya kwao yaphedwa amatumiza uthenga ku likulu, ndipo makalata akale a boma la Malawi amasungidwa ku nyumba ya mbiri ku Zomba. Kale munthu wamba sakadayerekeza kupempha kuona zotere. Koma lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha nkhani za m'Boma linayamba kugwira nchito ku Malawi pa 30 September 2020. Zimbabwe anakhazikitsa lace caka comweco, ndipo Zambia m'mwezi wa December 2023. Malamulowa ali ndi mipata yambiri imene ofesi ingathawiremo, makamaka ponena kuti nkhaniyo ikhudza citetezo ca dziko. Komabe kalata yolembedwa bwino, yochula dzina la Attati Mpakati, mzinda wa Harare ndi mwezi wa March 1983, iyenera kulandiridwa, kudindidwa ndi kupatsidwa nambala, ndipo wokana kuiyankha ayenera kulemba cifukwa cace ndi kusaina dzina lace pansi.